Momwe mungakwerere sitima ya ku Beira kuchokera ku Angónia

Sitima ya anthu ya CFM, kampani ya njanji ya Mozambique, imanyamukira pa Moatize, osati mumzinda wa Tete, ndipo njanji ya Sena kukafika ku Beira ndi makilomita oposa 500. Siyenda tsiku lililonse, choncho musanamange katundu fufuzani kaye tsiku ndi ola lake. Zija mumamva za ku Ulaya, za pasi ya Eurail yokwerera sitima m'maiko ambiri ndi tikiti imodzi, zisiyeni komweko. Ine ndimagula tikiti ya ulendo umodzi, yobwerera ndimakagulira ku Beira.

Pamene pali nkhani ndi pa chapa, minibasi yokufikitsani ku Moatize. Nyamukani ku Ulongué dzulo lake, mukagone ku Moatize. Chapa sichoka chisanadzaze, kondakitala akati "tatsala awiri, akulu" dziwani kuti dzuwa likupendekerani muli pomwepo. Ine china chinandichedwetsa chonchi: titadutsa pa Mussacama chinaimanso kukweza matumba a mbatatesi, ena padenga ena pamiyendo pathu, kenaka tayala linaphulika, jeke kulibe. Pofika pa siteshoni n'kuti sitima itapita kalekale. Ndalama yomwe ndinkaopa kulipira chipinda usiku umodzi inathera pa kugona ndi kudya podikira sitima ina. Muuzeninso kondakitala msanga kuti mutsikira pa Moatize. Msewu umadutsa pomwepo, mukangosinza mudzapezeka ku Tete, makilomita ngati 20 kutsogolo, n'kulipiranso chapa chobwerera.

Tikiti gulani pawindo penipeni, BI (chiphaso cha unzika) ili m'manja. Anyamata ena amazungulira panja amvekere matikiti atha koma iwo ali nawo. Asiyeni, ngakhale akulankhuleni chakwanu. Tenganinso mametikali enieni, osadalira M-Pesa yokha, netiweki imathawa. Kalasi yotchipa ndi yabwino ngati muli ndi katundu wambiri, koma ngati muli ndi agogo kapena khanda, wonjezerani ndalama mukhale yapamwamba.

Madzi gulani ambiri musanakwere. Ife a kumapiri kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumatigwetsa, makamaka Okutobala ndi Novembala. Zakudya zimagulitsidwa pamawindo m'masiteshoni, ingosungani ndalama zing'onozing'ono chifukwa sitima sidikira chenji.

Zotsalazo n'zosavuta. Mudutsa Doa, Mutarara, mlatho wa Dona Ana wotalika makilomita oposa atatu, Sena, Inhaminga, Dondo, basi Beira. Nthawi zina muima kupatukira sitima za malasha, ndiye wokuchingamirani mudzamuimbire mukafika pa Dondo.