Eyakoni ya galimoto yakale: kuisinthira gasi kapena kuichotsa

Okutobala akafika, dzuwa lili loswa mtengo, eni magalimoto akale amabwera pagalaja ndi madandaulo awiri. Wina amati, “Amisiri, ingothirani gasi izizire.” Wina amati, “Chotsani zonsezi, zikungondidyera mafuta.” Onsewa ndimawauza kuti tiyambe tatsegula boneti, chifukwa nkhani yaikulu pa eyakoni yakale si gasi ayi. Ndi oyilo ndi chinyezi.

Choyamba dziwani gasi amene galimoto yanu inabwera naye. Magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1993, monga Hilux, Corolla kapena Peugeot 504 zakale zija, ankagwiritsa ntchito R12. Gasi ameneyu amawononga mpweya wa ozone umene umatitchinjiriza ku cheza cha dzuwa, ndipo maiko atagwirizana ku Montreal mu 1987 anayamba kumuthetsa. Maiko osauka ngati lathu anapatsidwa mpaka 2010. M’malo mwake munabwera R134a. Yang’anani sitika pansi pa boneti kapena pa kompuresa, pampu imene imakankha gasi kuti azizungulira mu eyakoni. Ngati inafufutika, onani timilomo tothirira gasi: ta R12 tili ndi mazinga ngati valavu ya tayala, pomwe ta R134a n’tokulirapo ndipo paipi yake imangokanikizidwa n’kugwira.

Kenako zimitsani injini, gwirani mbale yakutsogolo kwa kompuresa n’kuizunguza ndi dzanja. Ikamazungulira bwino, mosakhulana, eyakoniyo ikhoza kudzuka. Ikakhala kuti yauma gwaa, kapena mukamasula paipi mukupeza oyilo wakuda wa tizitsulo tonyezimira, kompuresayo inadzidya m’kati ndipo zinyenyeswa zake zafalikira paliponse. Apo werengerani ndalama bwino musanapitirire.

Kusinthira ku R134a kumayenda chonchi. Gasi wotsala atulutsidwe ndi makina okokera m’botolo, osati kungomasula nati kuti afwee. Amawotcha khungu ndi kuzizira kwake, akalowa m’maso ndi ngozi, ndipo R12 akakumana ndi moto wa owotcherera amasanduka utsi wapoizoni. Valani magalasi ndi magolovesi.

Tsopano oyilo. R12 ankayenda ndi oyilo wa mineral, ndipo oyilo ameneyu sasungunuka mu R134a. Kompuresa imadalira kuti gasi azinyamula oyilo pozungulira n’kumubwezanso. Mukangothira gasi watsopano pa oyilo wakale, oyiloyo amakakhala phee mu condenser (kaladiyeta ka eyakoni kamene kali kutsogolo kwa ladiyeta) ndi mu evaporator (mbali yoziziritsa mphepo, pansi pa dashibodi), kompuresa n’kumayenda youma. Masiku oyamba mumamva kuzizira n’kumayamika, koma posakhalitsa lamba amayamba kulira, kompuresa yagwira. Choncho masulani kompuresa, ikhuthuleni m’kapu yoyezera uku mukuizunguza, ndipo mubwezeremo oyilo watsopano pamlingo umene buku la galimotoyo likunena. Ine pa ntchito zotere ndimasankha oyilo wa ester, wolembedwa POE, chifukwa amapirira timadontho ta oyilo wakale totsalira m’mapaipi. Wa PAG ndi wabwino pamene zonse zatsukidwa mokwanira, koma amayamwa chinyezi msanga. Botolo lake musalisiye chitsegulire. Condenser ndi mapaipi zitsukidwe ndi mankhwala ake otsukira n’kuziumitsa. Kompuresa ndi drier sizitsukidwa.

Drier ija, kabotolo kachitsulo kamene kamakhala pafupi ndi condenser, gulani yatsopano yolembedwa R134a. Apa m’pamene anthu ambiri amaumira, ndipo zimandiwawa kuona munthu wagula gasi ndi oyilo koma wasiya drier ya zaka makumi atatu. M’kati mwake muli timibulu toyamwa chinyezi, ndipo tikakhuta sititha kuyamwanso. Chinyezi chotsalacho chimaundana pa valavu yopopera gasi n’kutseka njira, n’chifukwa chake eyakoni imazizira kwa kanthawi, kusiya, n’kuyambanso. Drier yatsopano muziimanga pomalizira, zotsekera zake zichoke nthawi yomangayo.

Timphira tonse ta m’majointi sinthani, muike tobiriwira ta HNBR, mutatipaka kaoyilo. Paipi yamphira yosweka kapena yonyowa ndi oyilo wogwira fumbi ndiye kuti ikudontha. R134a amathawa mosavuta kuposa R12, ndiye paipi yotereyi isintheni. Mangani timilomo tatsopano ta R134a, chivundikiro cha buluu ku paipi yonenepa, chofiira ku yopyapyala.

Mukamanga zonse, lumikizani pampu yokoka mpweya kwa mphindi zosachepera 30. Tsekani mageji oyezera presha n’kudikira mphindi 15. Singano ikasuntha, penapake pakulowa mpweya; musathire gasi. Ikaima nji, thirani poyeza pa sikelo, ndipo mlingo wake ukhale 80 mpaka 85 peresenti ya R12 wolembedwa pa sitika. Sitika ikati magalamu 800, inu thirani pakati pa 640 ndi 680. Injini ikamalira thirirani ku paipi yonenepa yokha, valavu yofiira ya pa mageji ili chitsekere. Kuthira wambiri sikuwonjezera kuzizira, kumangokweza presha. R134a amatenthetsa condenser kuposa R12, choncho tsukani udzu ndi tizilombo tomatirira pamenepo, ndipo ngati mumayenda ku Chikwawa kapena kuima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto mu Lilongwe, onjezani fani yamagetsi kutsogolo kwake. Lembani sitika yatsopano yonena gasi, oyilo ndi tsiku, kuti mmisiri wina asadzasakanize.

Wina akakuuzani kuti athiremo R22 wa eyakoni ya m’nyumba kapena gasi wophikira, kanani. Woyambayo presha yake imaphulitsa mapaipi, winayo amayaka, ndipo evaporator ili pamaondo panu penipeni.

Ngati mwasankha kuchotsa, nakonso yambani n’kukoketsa gasi. Pa magalimoto ambiri akale kompuresa ili ndi lamba wakewake. Kuchotsa lambayo basi, injini yapepukidwa. Koma ngati lamba mmodzi akuzunguza alternator, pampu ya madzi ndi kompuresa pamodzi, pamafunika lamba wamfupi kapena pule yoika pamalo pa kompuresa. Yezani njira yatsopano ndi chingwe musanakagule, ndipo onetsetsani kuti pampu ya madzi ikuzungulirabe mbali yake yomwe ija. Zulani fyuzi ndi relay ya eyakoni, waya wa kompuresa muukulunge tepi n’kuumangirira kutali ndi ekizozi. Condenser ikachoka ladiyeta imapuma bwino, koma fani musaichotse musanatsimikize kuti siithandizanso ladiyeta. Bokosi la pansi pa dashibodi lisiyeni: mphepo ya hita imadutsa momwemo, ndipo m’nyengo ya mvula galasi likachita nthunzi mudzadalira hitayo, popeza eyakoni imene inkaumitsa mpweya kulibenso. Mapaipi awiri otulukira kuchipupa cha injini atsekeni ndi zivundikiro zamphira kuti fumbi ndi mavu zisalowe, ndipo mabulaketi ndi mabawuti a kompuresa musunge m’katoni, chifukwa a magalimoto amenewa ngovuta kuwapeza.