Foni yomweyo ingathandize munthu wa autism pa ntchito: mmene timachitira m'shopu yanga ku Luwinga

Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kupanga fotokope ku Luwinga, ndipo makasitomala ambiri ndi ophunzira a ku Mzuni. Amene ndimagwira naye ntchito ndi mwana wa alongo anga, mnyamata wa zaka 24 yemwe ali ndi autism. Pa kubayinda mabuku palibe womuposa. Tsamba limodzi likalowa malo olakwika amaliona ine ndisanalione. Koma miyezi yoyamba tinkavutana, ndipo wolakwa ndinali ine.

Tsiku lina ndinatuluka n'kunena kuti "ndikubwera", monga timanenera tonse. Ndinapita m'tauni kukagula mapepala, kenako ndinakhotera kumsika. Patatha maola awiri ndinamupeza ataima pakhomo, ntchito ili pomwe ndinaisiya, manja akunjenjemera. Anangoti, "Azakhali, munati mukubwera." Kwa iye mawu amatanthauza zomwe anenazo basi. "Pompano", "mwachangu", "zija tinakambirana" ndi mawu omusokoneza. Autism si ufiti, si mwano. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali mwana, ndipo ambiri amene ali nayo amavutika ndi zinthu zadzidzidzi, phokoso, ndi mawu ozungulira.

Ngati mukugwira ntchito ndi munthu wotere, choyamba mufunseni mwiniwake chomwe chimamulemetsa. Anthu a autism safanana. Wathuyu anati chimamupweteka ndi kuuzidwa zinthu zitatu pakamwa makina akulira. Ndiye tinayambira pamenepo.

Lembani, musakuwe. Malangizo onse ndimamutumizira pa WhatsApp ngakhale tili m'chipinda chimodzi, ndipo ndimalemba, sindijambula mawu. Mawu ojambulidwa amafuna kumvetsera mobwereza pakati pa phokoso, pomwe cholembedwa amachiwerenga pa nthawi yake. Uthenga umodzi, ntchito imodzi: "Sindikiza makope 3 a buku lili pa fulashi yofiira, mbali imodzi, chikuto cha buluu, atenga 2 koloko." Ndikamatuluka ndimalemba nthawi yobwerera, ndipo ndikachedwa ndimalembanso nthawi ina isanakwane yoyambayo. Zinandivuta ine kuzolowera kuposa iye.

Ntchito za tsiku lonse timaziika pa Google Keep, pulogalamu ya pa foni yolembamo zoti muchite. Ndi yaulere, ndipo mndandanda wake umakhala ndi timabokosi tochonga. Ndimaulemba madzulo, n'kumuika kuti aziuona pa foni yake. M'mawa akamakwera kabaza amadziwa kale chomwe chikumudikira. Akamaliza chinthu amachonga, ine ndimaona, osafunikira kumuima pamutu n'kumafunsa. Bandulo ikatha mndandanda umatsegukabe, kungoti zosintha zimafika kwa winayo intaneti ikabwera. Musaunjike zinthu 20. Ife sitipitirira 6, zina zimadikira zoyambazo zithe. M'menemonso tinaikamo zithunzi za kachitidwe ka ntchito zovuta: kusintha tona (inki ya makina), kuchotsa pepala lotsakamira, chithunzi chilichonse ndi mzere umodzi wofotokoza.

Pa nthawi, alamu wamba ya m'foni ndi yokwanira, siifuna bandulo. Akalowa mu ntchito amaiwala kudya, choncho ili pa 10 koloko ya tiyi ndi 12:30 ya nkhomaliro, yongonjenjemera osalira. Google Calendar timaisungira zinthu zosiyana ndi masiku onse, monga tsiku lobwera wokonza makina, ndipo imamukumbutsa kutatsala tsiku limodzi. Mlendo wodziwika kuti akubwera samuvuta.

Za phokoso ndiye nkhani yaikulu pano, chifukwa tili m'mbali mwa msewu wa M1: mathiraki opita ku Karonga, mahutala a minibasi, sipika ya shopu yoyandikana nayo. Mahedifoni oletsa phokoso ndi odula. Tinayamba ndi zotseka m'makutu zomwe amavala ocheka matabwa, zogula ku hadiweya, ndipo zinathandiza. Kasitomala wina anadandaula kuti mnyamatayo ndi wodzikweza, sayankha moni. Ndinangoyankha kuti ali pa ntchito yofuna chidwi. Za autism yake sindiuza munthu iye asanalole. Foni yake imakhala pa Do Not Disturb (kuitchera kuti isamalire) nthawi ya ntchito, atasankha kuti manambala anga ndi a mayi ake okha ndiwo azilira. Magulu a WhatsApp onse ali pa chete. Kuwala kwa kompyuta tinakuchepetsanso chifukwa kunkamupweteketsa mutu.

Makasitomala otumiza mafailo pa foni amawayankha yekha tsopano, chifukwa WhatsApp Business ili ndi mayankho osungiratu. Mumalemba yankho kamodzi, n'kulipatsa dzina lalifupi. Akalemba chizindikiro cha / amasankha lomwe akufuna. Tili ndi la mitengo, la nthawi yotsekera, la kalipiridwe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi lina loti "Funso ili ayankha eni shopu, dikirani pang'ono." Lomalizali ndilo limamupumitsa kwambiri, makamaka wina akayamba kunenerera mtengo.

Tinagwirizananso chizindikiro. Zikamuchulukira amanditumizira kadontho kofiira, ndipo amapita kuseri kwa mphindi 10 popanda kufotokoza kanthu. Poyamba ndinkaopa kuti azizembera ntchito. Mwezi wathunthu amakatumiza mwina kawiri, nthawi yomwe ophunzira akuthamangitsana ndi tsiku lopereka kafukufuku wawo.

Ngati mukufuna uphungu woposa wa ine wogulitsa mapepala, pano pa Mzuzu pali a St John of God amene amathandiza pa za umoyo wa maganizo komanso ana okula mosiyana ndi anzawo.

Chimodzi musaiwale: lembeni ndondomeko ya nthawi yomwe magetsi azima, ndipo muisindikize papepala, muimate pakhoma, poti foni nayo imatha moto. Yathu ili ndi mizere 3: zimitsa makina pa soketi, uza odikira kuti tiwaimbira, yamba kubayinda zomwe zasindikizidwa kale.