Momwe mungawerengere ngati mota ya chigayo ikulemedwa isanapse

Mota ya chigayo ikapsa, mwini wake amathamangira kwa owayinda, nalipira ndalama zambiri, pakatha miyezi ingapo yapsanso. Zimandipweteka chifukwa mota imachenjeza isanapse, ndipo masamu omvera chenjezo limenelo si ovuta. Mukufunika kakyuleta, clamp meter yoyezera ma amp (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) ndi tachometer yoyezera liwiro la shafti.

Mota zambiri za m'zigayo ndi za mtundu wa induction wa mafezi atatu, womwe Mikhail Dolivo-Dobrovolsky anaukonza ku kampani ya AEG ku Germany mu 1889. Magetsi akalowa m'makoyilo a stator, mbali ya mota yosazungulira, amapanga mphamvu ya maginito yozungulira, ndipo rotor, mbali yozungulira ya m'kati, imaithamangitsa koma siipeza. Kutsalira kumeneku kumatchedwa slip, ndipo zonse zimene tiwerenge pano zatsamira pa iko.

Poyamba pukutani ufa pa kachitsulo ka pambali pa mota, mukopere zonse zolembedwapo. Tiyerekeze kuti palembedwa 15 kW, 400 V, 50 Hz ndi 1460 rpm. Imeneyi ndi mota imene ambiri amaitchula kuti ya 20 horsepower.

Kenako pezani liwiro la maginito. Chulukitsani 120 ndi ma Hz, mugawe ndi chiwerengero cha ma pole, nsonga za maginito zimene makoyilo amapanga. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, choncho mota ya ma pole 4 imapereka 120 × 50 ÷ 4 = 1500 rpm. Ya ma pole 2 imapereka 3000, ya 6 imapereka 1000. Ngati ma pole sanalembedwe, tengani nambala yapafupi yomwe ili pamwamba pa liwiro lolembedwalo.

Slip yovomerezeka ndi 1500 kuchotsa 1460, kugawa ndi 1500. Yankho ndi 0.027, kapena kuti 2.7%. Mphamvu yopotokola shafti, torque, mumaipeza pochulukitsa 9550 ndi ma kW, n'kugawa ndi liwiro: 9550 × 15 ÷ 1460, pafupifupi 98 Nm. Ma amp ayenera kukhala atalembedwa pa kachitsulo. Ngati anafufutika, gawani 15000 (15 kW m'ma watt) ndi 1.732 × 400 × power factor × efficiency. Power factor ndi efficiency zimasonyeza gawo la magetsi limene limasandukadi ntchito. Mukaika 0.85 ndi 0.9, zomwe si zachilendo pa mota ya msinkhu umenewu, mupeza pafupifupi 28 A.

Tsopano lembani chithunzi cha motayo m'masamu. Charles Steinmetz anasonyeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kuti fezi imodzi ya mota tingaijambule ngati thiransifoma, pomwe rotor imaimiridwa ndi resistance yake (kukaniza kwake kuyenda kwa magetsi) yogawidwa ndi slip. Kuchokera pamenepa, mota ikamagwira ntchito pafupi ndi liwiro lake, torque imayendera limodzi ndi slip komanso ndi voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Ndiye kuti voteji ikakhala yosasintha, slip ikawirikiza, katundu wawirikizanso. Lamulo limeneli ndi lokwanira pa chigayo.

Yezani chigayo chikugaya mphale kapena mgaiwa monga mwa masiku onse. Matani kapepala konyezimira kumapeto kwa shafti ya mota chigayo chili chozimitsa, osati pa shafti ya mahamala, chifukwa pule ndi malamba zimasintha liwiro. Mangani malaya, imani kutali ndi malamba. Mukawerenga 1470, mota yatsalira ndi 30 m'malo mwa 40, ndiye yasenza magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake. Mukawerenga 1440, yatsalira ndi 60, ndipo 60 ÷ 40 ndi 1.5. Mota imeneyo ikusenza katundu wa mota imodzi ndi theka. Kawirikawiri gwero lake ndi sefa yotsekeka, chimanga chosauma bwino, mahamala otha, kapena wogayitsa amene akuthira mothamanga chifukwa mzere wa mabeseni wafika kumsewu. Liwiro lolembedwa pa kachitsulo limakhala longozungulitsa, choncho tsimikizani ndi clamp meter pa waya uliwonse mwa atatu olowa m'mota, muyerekeze ndi ma amp a pa kachitsulo.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, pa voteji. Madzulo, kapena kumalekezero a laini yaitali, 400 V ikhoza kutsika kufika 360 V. Anthu amaganiza kuti mota yataya gawo limodzi mwa khumi basi. Ayi. 0.9 × 0.9 ndi 0.81, ndiye pa slip yomweyo yataya 19% ya torque. Chimanga sichinapepuke, choncho mota imatsalira kwambiri kuti ikwanitse: slip imakwera kuchoka pa 2.7% kufika pa 3.3%, liwiro limatsikira cha pa 1450, ma amp amakwera, makoyilo amatentha. Owayinda amadziwa kuti kutentha kukawonjezeka ndi madigiri 10, moyo wa vanishi wa pa mawaya umadulidwa pakati.

Yezaninso voteji pakati pa mafezi onse atatu. Mwachitsanzo 400, 395 ndi 375. Mukaphatikiza zitatuzi n'kugawa ndi 3 mupeza 390, yotalikira kwambiri yasiyana ndi 15, ndipo 15 ÷ 390 ndi 3.8%. Lamulo limene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi kuchulukitsa nambalayi ndi iyo yomwe (3.8 × 3.8), kenako ndi 2, zomwe zikupereka kutentha kowonjezera kwa pafupifupi 29%. Zikafika apa zimitsani, muitane wa zamagetsi aone mafyuzi, contactor (swichi yoyatsira mota) ndi polumikizira mawaya.

Poyatsa, mota yotere imakoka ma amp kuwirikiza 6 kapena 7, cha pa 170 mpaka 200 A. Star-delta, njira yoyatsira mota posintha kalumikizidwe ka makoyilo, imatsitsa zimenezi kufika pa gawo limodzi mwa atatu, komanso torque imatsika chimodzimodzi, n'chifukwa chake chigayo chimayatsidwa chopanda chimanga m'kati.

Ophunzira za uinjiniya ku MUBAS kapena m'makoleji a ntchito zamanja angapitirire pamenepa. Resistance ya stator imayezedwa ndi DC, ndipo ngati makoyilo alumikizidwa mwa star mumagawa yankho ndi 2. Kuyendetsa mota yopanda katundu kumapereka mbali ya maginito, kuigwira rotor pa voteji yochepa kumapereka mbali ya rotor. Kuti muone zochitika m'masekondi oyamba poyatsa, gwiritsani njira ya d-q imene Robert Park anafalitsa mu 1929, muilembe mu GNU Octave kapena Python, zomwe ndi zaulere. Wa chigayo yekha alembe liwiro, ma amp ndi voteji m'kope sabata iliyonse, ndipo overload relay, kachipangizo kozimitsa mota ikalemedwa, aiike pa ma amp a pa kachitsulo, kapena pa 58% yake ngati yalumikizidwa m'kati mwa delta.