Chainsaw ikakhuta petulo n'kukana kulira

M'nyengo yotentha kuno ku Chigwa cha Shire, ndikamayendera alimi ku Ngabu, ku Nchalo mpaka ku Bangula, ndimapeza anthu akulimbana ndi chingwe cholizira chainsaw, makina odulira mitengo aja, thukuta lili kamukamu, makina ali zii. Ambiri amathamangira kwa makaniko kuti akatsegule kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Dekhani kaye, abale anga. Nthawi zambiri makinawo sanafe ayi, angokhuta petulo, ndipo wawakhutitsa ndi mwini wake.

Choki ntchito yake ndi kutseka mpweya kuti injini yozizira ikoke mafuta ambiri. Mukakoka kawiri katatu injini n'kutsokomola kamodzi, pomwepo tsegulani choki. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapitiriza kukoka choki chili chotseka, petulo n'kudzaza mkati, pulagi yoyatsa moto mu injini n'kunyowa, moto osagwiranso. Injini yomwe yangozima kumene, ikadali yotentha, siifuna choki n'komwe.

Mudzadziwa kuti yakhuta ndi fungo la petulo lomwe limachita kulasa m'mphuno. Zimitsani switchi, mangani buleki ya tcheni, ndipo khalani kutali ndi moto kapena munthu wosuta fodya. Masulani pulagi. Ikakhala yonyowa, ipukuteni ndi kansalu kouma, muchotse mwaye, muone ngati mpata wa kunsonga kwake uli pafupifupi theka la milimita. Kenaka tembenuzani makina, bowo la pulagi liyang'ane pansi, choki chili chotsegula, mukoke chingwe kasanu kapena kakhumi kuti mafuta otsalira atuluke. Asiyeni pamthunzi kwa kanthawi. Mukabwezera pulagi, lizani opanda choki. Poyamba idzatulutsa utsi wambiri, musadandaule, ikutentha mafuta otsalira aja.

Ikamakhuta kawirikawiri ngakhale mukuliza bwino, yang'anani sefa ya mpweya. Fumbi la kuno ndi utuchi zimaitseka msanga, ndipo sefa yotsekeka imachita chimodzimodzi ndi choki chotseka. Itsukeni ndi madzi a sopo, iume bwinobwino musanaibwezere.

Dzuwa lathuli nalonso lili ndi mbali yake. Makina osiyidwa pamtetete masana, petulo amafufuma m'thanki n'kukankhira ku kabureta. Popuma, aikeni pansi pa mtengo.

Za mafuta ndimazinena mobwerezabwereza chifukwa zimandiwawa ndikaona makina a ndalama zambiri atawonongeka ndi kachinthu kakang'ono. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna muyeso wa 50 kwa 1, ndiko kuti mamililita 100 a oyilo wa two-stroke (wopangidwira kusakaniza ndi petulo) mu malita 5 a petulo. Oyilo wa galimoto sayenera, ndipo kuthira mongoyerekeza ndi maso kumadetsa pulagi. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, choncho musasakanize wambiri woti akhale m'chigubu kupitirira mwezi. Akakhalitsa mu kabureta amaumitsa timalabala ta mkati, ndipo kasingano kotseka mafuta sikatsekanso bwino. Zikafika pamenepo, pulagi ikunyowabe mutachita zonsezi, ndiye nthawi yopita kwa makaniko yakwana.

Makina akalira, kumbukirani kuti mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ya Shire, Mwanza ndi Ruo ndi yomwe imagwira dothi madzi akasefukira. Musanadule mtengo wachilengedwe, kaonaneni kaye ndi a zankhalango a m'dera lanu.