Momwe mungatsegulire malo ogona alendo kumudzi ku Mambwe

Ndondomeko ya boma ya zokopa alendo ya 2015 imafuna kuti anthu okhala pafupi ndi nkhalango za nyama azidyerera nawo ndalama za alendo. Chaka chomwecho mayiko anagwirizana ku United Nations zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, ndipo cha nambala 8 chimatchula zokopa alendo zopatsa anthu ntchito. Papepala zimakoma. Koma alendo ambiri a ku South Luangwa amatsika ndege ku Mfuwe, kukwera galimoto ya loji, kudya ku loji, n'kubwerera osasiya ngakhale ngwee m'mudzi. Anzathu a m'mudzi wa Kawaza anaonetsa kale kuti mlendo amalipira kuti agone m'nyumba yaudzu ndi kudya nsima ya nkhwani wotendera. Inunso mungathe.

Yambani ndi malo, ndipo apa ndichedwapo. Malo a kuno ndi a mafumu. Mawu a nyakwawa ndi poyambira chabe. Chofunika ndi kalata ya mfumu yaikulu ya dera lanu, kaya ndi a Kakumbi, a Nsefu, a Mnkhanya kapena a Jumbe. Mukafuna kuti malowo akhale a taito, kalatayo imadutsa ku khansulo kenako ku unduna wa za malo. Popeza dera la Lupande ndi GMA, kutanthauza malo oyandikana ndi nkhalango ya nyama komwe anthu amakhala limodzi ndi nyama zotetezedwa, a DNPW, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire yomwe inalowa m'malo mwa ZAWA, nawonso ayenera kufunsidwa.

Ine anandipeza bambo wina wa jekete, wolankhula mofatsa, akuti ndi mphwake wa nduna ya kunyumba ya mfumu. Anatenga ndalama ndi mbuzi, n'kubwera ndi kalata ya chidindo chofiirira, yosainidwa bwinobwino. Njerwa tinaumba, tinaotcha. Pokaipereka kalatayo ku ofesi, a kumeneko anangoiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Bambo, chidindo ichi mwachitenga kuti?" Mfumu sinkadziwa kanthu. Pomwe nkhani imawongoka, mvula inali itagwa, uvuni utamera udzu, njerwa zapansi zitasungunuka. Ndiye pitani nokha kwa mfumu, mutsagane ndi nyakwawa yanu, mugwade, muombe m'manja, kalatayo idindidwe inu mukuona. Muijambule ndi foni musanatuluke pabwalo. Aliyense wonena kuti "ndikufupikitsirani njira" mum'patse moni basi.

Kalata ikakhala m'manja, lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, ndipo mutenge TPIN, nambala ya msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho. Zimatheka pa intaneti, musalipire munthu.

Pomanga, musasankhe pansi pa mtengo wa mango ngakhale mthunzi ukukokeni. Mango akapsa njovu zimabwera usiku, ndipo sizifunsa kuti m'nyumbamo mwagona ndani. Nkhokwe ikhalenso patali. Udzu wofolerera, mphasa, nkhuku ndi ndiwo gulani kwa anansi, omanga akhale a m'mudzi momwemo. Chitukuko chimene amachinena m'mapepala muja ndi chimenechi, ndipo mudzi umene ukudya nawo sulola kuti katundu wa mlendo asowe. Simenti yokha kagulireni ku Chipata, ku Down Shops, chifukwa ikafika ku Mfuwe imakhala itakwera ndi thiransipoti. Mabatire a sola a pamsewu asiyeni. Ena ndi akale ongopukutidwa, amafa mafani akangoyamba kuzungulira mu Okutobala. Funsani risiti ndi galanti.

Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime, chokhala ndi chitseko chenicheni ndi posamba m'manja. Oyendera a zaumoyo amayambira kumeneko. Maneti a udzudzu musaiwale.

Kenako zitupa: cha zaumoyo ndi cha zamoto ku khansulo, ophika akapimidwe kuchipatala, ndiye layisensi ya Zambia Tourism Agency malinga ndi lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015. Pali msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti wopita ku ZRA, muuike pa bilu.

Zotsalazo n'zapafupi. Dziwikani ku CRB ya kwanu, bungwe la anthu a m'dera loyang'anira zachilengedwe, chezani ndi magaidi a m'maloji kuti azikutumizirani anthu, ikani zithunzi pa Facebook. Alendo amachuluka kuyambira Juni mpaka Okutobala. Dzinja kumakhala zii, choncho munda musausiye.