Mwana wa mkomba phala asamathere nthawi pa mzere kudikira mpira

Makolo anzanga, ndi inu alezi a m'ma CBCC (sukulu za mkomba phala za m'madera) ndi m'ma nasale, lero tikambe za ana aja a zaka 3, 4 mpaka 5 omwe sanayambe Sitandade 1. Masiku ano m'tauni muno kwadzadza ma akademi a mpira wa ana, makolo akulipira, kugula jezi ndi nsapato, Loweruka m'mawa kumuperekeza mwana ku bwalo. Mtima wake ndi wabwino ndithu ndipo ine sindikutsutsa. Koma mayi wina anandifunsa tsiku lina tikuchokera ku sikelo, akuti "alangizi, poti wanga uja amapita ku mpira Loweruka lililonse nde kuti zolimbitsa thupi zakwana eti?" Ndinawayankha kuti ayi mayi, sizinakwane, zatsala kutali, nde ndati ndilembe apa chifukwa ambiri tikuganiza ngati mayi aja.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 okhudza ana osakwana zaka 5. Amati mwana wa zaka 3 ndi 4 azikhala akuyendayenda ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 patsiku, maola atatu amenewo, ndipo mwa mphindi zimenezo 60 zikhale za masewero amphamvu oti mwana mpaka apume mwawefuwefu, thukuta lituluke. Amatinso asamukhazike malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, za pa TV kapena pa foni zisapitirire ola limodzi patsiku, ndipo agone maola 10 mpaka 13 kuphatikiza tulo ta masana. Tsono tiwerengere limodzi: mphindi 180 kuchulukitsa masiku 7 ndi mphindi 1,260 pa sabata. Mpira wa Loweruka wa ola limodzi ndi mphindi 60 basi. Zotsala 1,200 zija zichokera kuti ngati mwana akungokhala mu mpanda ndi makatuni kuyambira Lolemba?

Ndipo olo ola limodzi lomwelo, sikuti mwana amathamanga lonse. Ndinapita pa nasale ina nthawi ya masewero, ana pafupifupi 30, mpira umodzi wokha, aphunzitsi ali ndi wezulo pakamwa. Anawaimika pa mzere kuti aliyense azibwera kumenya mpira kuloza pa golo kenako abwerere kumbuyo. Ine maso anga anali pa kamtsikana kena kovala diresi lofiira komwe kanali cha kumapeto. Kanaima, kanatopa, kanakhala pansi nkuyamba kujambula ndi chala pa dothi, kenako kanadzuka kuthamangitsa gulugufe nde aphunzitsi anakakuwira kuti kabwerere pa mzere. Nthawi yake itakwana kanamenya kamodzi, mpira unapita pambali, basi belu la phala linalira. Mu theka la ola lonselo, pomwe kamwana kaja kanathamanga zenizeni ndi pomwe kamathamangitsa gulugufe paja, pomwenso kanadzudzulidwa. Zinandiwawa mumtima, komatu aphunzitsi aja sindikuwada, amachita zomwe anaona kwa akuluakulu, kuti masewero enieni ndi a mzere, wezulo ndi malamulo.

Vuto ndi loti tikutenga mpira wa anyamata a ku sekondale nkuuchepetsa kuti ukwane mwana wa zaka 4. Mwana wa msinkhu umenewu thupi lake likuphunzira zoyambirira: kuthamanga osagwa, kudumpha ndi miyendo iwiri kenako umodzi, kukwera, kuponya, kuwakha mpira waukulu ndi manja awiri. Maganizo ake sakhalitsa pa chinthu chimodzi, zoti iwe ndi difenda khala apa kapena mupatsire mnzako sizinamulowe, nchifukwa chake mukawapatsa mpira onse amauthamangira limodzi ngati anapiye pa madeya. Asiyeni atero, kumeneko nde kusewera kwawo. Madokotala a ana a ku America, a American Academy of Pediatrics, amati ana ambiri amakhala okonzeka kuyamba masewero a matimu ndi malamulo akafika zaka ngati 6, msinkhu womwe kwathu kuno mwana amayamba pulayimale.

Nde alezi tipange bwanji? Choyamba thetsani mzere. Ngati ana ali 30 pakhale mipira yambiri, olo 10, ndipo sizofuna ndalama, mpira wachikulunga wa majumbo ndi nsanza umakwana, auzeni makolo a mu komiti aliyense akulunge umodzi sabata ino. Agaweni ana atatu atatu kapena awiri awiri, aliyense mpira uzimupeza pafupipafupi. Malangizo anu akhale aafupi, mawu awiri atatu kenako muwaonetse ndi thupi lanu, mukayamba kufotokoza nthawi yaitali mwawataya kale. Masewero amodzi asatalike, mphindi 5 kapena 10 musinthe, pano tikudumpha ngati achule, pano tikuyenda ngati njovu, pano aliyense athamange akagwire mtengo wa mango abwere.

Chinanso chomwe ndimachiona kwambiri ndi masewero otulutsana. Fulaye ndi wabwino koma pa ana aang'ono amene wamenyedwa koyamba amakhala yemwe uja wochedwa kuthamanga, wonenepa kapena wamanyazi, nde amakakhala pambali mpaka masewero atha, chonsecho ndi amene amafunika kuyendayenda kuposa anzake. Sinthani lamulo, womenyedwa adumphe kasanu pomwepo nkubwereranso. Chipako chimodzimodzi, wogwidwa asatuluke, naye ayambe kugwira anzake. Phada jambulani malo atatu kapena anayi osati amodzi. Jingo kwa a zaka 3 chingwe chingokhala pansi kapena muzichigwedeza ngati njoka iwo azilumpha. Ndipo magule musawaiwale, ng'oma kapena chigubu ndi kuwomba m'manja, ana amavina mpaka thukuta kamukamu osadziwa nkomwe kuti akulimbitsa thupi.

Pakhalenso nthawi yoti inu musawalamule chilichonse, mungokhala pafupi kuyang'anira. Ikani matayala akale, zipika, mchenga, mabotolo a pulasitiki, makatoni. Muona nokha wina akugubuduza tayala, ena ayamba masanje akuthamangira uku ndi uku kukatola masamba a ndiwo, wina akukwera chipika nkudumpha kambirimbiri osatopa. Bwalo muzilisesa kaye, magalasi osweka, misomali ndi minga zichoke poti ambiri amasewera opanda nsapato. Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala atulutseni m'mawa dzuwa lisanakwere kapena pamthunzi, madzi akumwa abwino akhale pafupi. Mvula ikamagwa sunthani mikeka, avine ndi kudumpha mkati momwemo.

Kunyumba nako ndi komwe kuli maola ambiri. Ana a kumudzi kawirikawiri amayenda mokwanira, kupita ku CBCC wapansi, kutsatira amayi kudimba, kuthamangitsa nkhuku, koma a m'tauni omwe amanyamulidwa pa galimoto kapena pa kabaza kuchoka pageti kukafika pageti ndi amene ndimawadera nkhawa. Bambo mukaweruka, mphindi 15 zokha pakhonde kapena panja kuponyerana mpira ndi mwana wanu ndi zambiri. Mukamapita ku okala kukagula mchere mutengeni ayende ndi miyendo yake, musamubereke mwana wa zaka 4 chifukwa choti mukufulumira. Auzeninso antchito kapena agogo omwe amatsala naye kuti foni si yotonthozera mwana tsiku lonse. Ndipo atsikana chonde, ndimamva kwambiri mawu oti "mtsikana sakwera mumtengo, khala bwino", kamwana ka zaka 4 nkupatsidwa khanda kumsana pomwe alongo ake akuthamanga panja. Mafupa ndi mtima wa mtsikana zimafuna kuthamanga chimodzimodzi, muvekeni kabudula mkati mwa diresi azidumpha momasuka. Mwana wolumala nayenso asasiyidwe pa mkeka, ngati sayenda aponye, akwawe, agubuduze mpira ali chikhalire, anzake azisewera naye.

Kwa inu amene mwalipira kale ku akademi kapena mukufuna kutero, pitirizani, mwana amaphunzirako kumvera, kucheza ndi anzake ndi kuzolowera mpira. Koma tsiku lina musangomusiya pageti, khalani pambali muyang'ane mwana wanu yekha osati timu yonse. Akuthamanga kapena waima? Mpira akuukhudza kangati? Akuseka? Kochi akumakalipa ana akaphonya kapena akuwerengera zigoli ngati ndi ligi? Mukaona kuima kwachuluka lankhulani ndi kochiyo mwaulemu kuti achulutse mipira ndi kuchepetsa mizere, ndipo mwana akamalira Loweruka lililonse kuti sakufuna musamukakamize, mupumitseni mudzayeserenso chaka chamawa.

Chomaliza ndi cha zaumoyo. Mwana wabwinobwino sachita kukankhidwa kuti asewere. Mukaona mwana yemwe amakonda kuthamanga wayamba kungokhala phee pakona, kutopa msanga, m'manja ndi m'maso mwayera, kapena akubanika akangothamanga pang'ono, musamutche waulesi. Akhoza kukhala malungo, kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba, mphumu kapena njala chabe poti wabwera osadya kanthu. Alezi ngati ana ambiri akubwera m'mimba muli pululu, phala liyambe masewero amphamvu abwere pambuyo atapumako pang'ono, ndipo yemwe akupitirirabe kufooka auzeni makolo ake apite naye kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala tsiku lomwelo, atenge ndi kabuku kake ka ku sikelo.