Chikope chikagwa, funsani kaye kuti chayamba liti

Palibe munthu amene maso ake awiri ndi ofanana ndendende. Diso lina limakulirapo pang'ono, nsidze ina imakwererapo, ndipo zimenezi si matenda. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi chikope chakumwamba chikayamba kutsika mpaka kuphimba kamwana ka m'diso. Pamenepo funso loyamba likhale lakuti: chayamba liti? Ngati simukukumbukira, tulutsani chiphaso cha unzika, chimene ambiri tinajambulitsa mu 2017, muyerekeze chithunzicho ndi nkhope ya lero.

Chikope chikagwa mwadzidzidzi, dzulo chinali bwino lero chatsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone m'mene kuchere. Mtsempha umene umakweza chikope ndi womwenso umayendetsa diso, ndipo umatha kufooka chifukwa cha shuga kapena BP. Zikabwera pamodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kamwana ka diso limodzi kukula kuposa kanzake, vuto likhoza kukhala m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Kukamwa kukapindika, mkono n'kulemera, mawu osatuluka bwino, ganizirani za sitiroko. Ndipo munthu wolumidwa ndi njoka monga mamba, zikope zikayamba kulemera ngati ali ndi tulo, ndiye kuti ululu wafika m'mitsempha ndipo kupuma kukhoza kuvuta posachedwa. Ameneyo ndi wothamanga naye.

Pali vuto linanso limene limapinditsa nkhope mbali imodzi, diso n'kumakanika kutsinzina. Ambiri amachira, koma mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe masiku 3. Diso losatsekekalo limauma msanga, choncho funsani achipatala mankhwala odonthezera ndi m'mene mungalitsekere pogona. Ena chikope chimakhala bwino m'mawa, n'kumatsika dzuwa likapendeka thupi litatopa. Chimenechi muwauze adokotala momveka bwino, chifukwa chimawalozera ku matenda ofooketsa minofu amene ali ndi mankhwala ake.

Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Mwana amatha kubadwa ndi chikope chogwa chifukwa kamnofu kochikweza sikanakhwime bwino, ndipo sikuti mayi analakwa china chake ali woyembekezera. Mudzamuona akukweza chibwano, mutu atauponyera kumbuyo, pachipumi patachita makwinya, kuti asuzumire pansi pa chikopecho. Makolo ambiri amati akakula zidzatha zokha. Sizitha. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira, mpaka cha m'ma 7 kapena 8, ndipo diso lophimbika ubongo umalinyalanyaza n'kumadalira linzake. Zaka zimenezi zikadutsa, ngakhale chikope chikwezedwe, diso lija limakhala lofooka kale.

Mukhoza kuyesa pakhomo. Mkhazikeni mwana pamiyendo, wina agwire supuni kapena chidole patsogolo pake. Tsekani ndi chikhatho diso limodzi, kenako linalo. Mukatseka lachikope chogwa iye n'kumangosewera, koma mukatseka labwinolo n'kuyamba kulira ndi kukankha dzanja lanu, dziwani kuti diso linalo silikuona bwino. Kanenani kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo, akulembereni m'buku la kuchipatala kuti mukaonane ndi a maso kuchipatala cha boma. Pofunika opaleshoni adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena Nkhoma. Mwana wina amapatsidwa magalasi, wina amamatidwa diso labwino kwa maola angapo patsiku kuti lofookalo lizigwira ntchito.

Kwa agogo, chikope chimatsika pang'onopang'ono chifukwa mnofu umatamuka ndi ukalamba. Sizofunika kuthamanga nazo, koma zikawalepheretsa kuwerenga, kusoka kapena kuona njira, opaleshoni yake ndi yaing'ono ndipo kawirikawiri amangobaya jekeseni wa dzanzi pachikope pomwepo.

Chonde musathire m'maso madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga kapena mkodzo. Zimenezi sizikweza chikope, zimangoyambitsa zilonda pagalasi la diso, ndipo chipsera cha pamenepo chimachititsa khungu. Kutema mphini pachikope kumasiya chipsera chimene chimavutitsa opaleshoni, ndipo mankhwala odonthezera ogula pamsika popanda kulemberedwa ndi achipatala nawonso amatha kuwononga diso.